Magitala a Paul Ngozi ndi Makutu a Anthu a Kum'mawa

Paul Ngozi sanali mwana wa ku Chipata. Anabadwira ku Lusaka mu 1949, anakulira m'komboni ya Chibolya, ndipo dzina limene makolo ake anamupatsa linali Paul Dobson Nyirongo. Komabe mukakhala pansi ndi anthu amene unyamata wawo unawapeza ku Kapata, ku Mchini kapena ku Navutika m'zaka za m'ma 1970, n'kutchula dzina lake, amayankha ngati mwatchula mwana wa pamudzi amene anangopita ku tauni kukafuna ntchito. Sanena kuti ankaimba nyimbo za azungu, ngakhale kuti magitala ake ankalira mofanana ndi a Jimi Hendrix ndi Black Sabbath. Amati ankaimba zathu. Ine ndili m'gulu la anthu amenewa, ndipo ndimakhulupirira kuti salakwitsa. Koma kuti zimveke bwino, tiyenera kuyamba ndi msewu, chifukwa ndi umene unanyamula chilankhulo chathu kupita nacho ku Lusaka, n'kudzachibweza chitavala zovala zina.

Asilikali a kampani ya Cecil Rhodes atagonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898 n'kupha mwana wake Nsingo, anamanga boma limene analitcha Fort Jameson, lomwe lero ndi Chipata. Kwa zaka zingapo, mpaka 1911, tauni imeneyi ndiyo inali likulu la North-Eastern Rhodesia. Ng'ombe za Angoni zinalandidwa, nthaka yabwino inapita kwa azungu olima fodya, ndipo msonkho wa nyumba unkafuna ndalama zimene m'mudzi munalibe. Amuna anayamba kutuluka. Ena anapita ku mapulazi ndi ku migodi ya Southern Rhodesia, ena ku Joni, ena ku migodi ya mkuwa itatsegulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Lusaka itakhala likulu mu 1935, Achewa, Ansenga, Angoni, Akunda ndi Atumbuka anadzaza makomboni ake, ndipo popeza apolisi nawonso ankalankhula Chinyanja, chilankhulo cha kum'mawa chinasanduka cha pamsika, cha m'basi ndi cha m'bala. Sichinakhale Chichewa cha ku Mkaika kwa Gawa Undi. Chinasakanizika ndi Chinsenga, Chibemba ndi Chingelezi, ndipo agogo a kumudzi akachimva ankagwedeza mutu. Chimenechi ndicho chilankhulo chimene mwana wa ku Chibolya anayamwa.

Wailesi inabwera msewu utayamba kale ntchito yake. Mu 1949, chaka chomwe Paul anabadwa, kunatuluka kawailesi kotchipa koyendera batire kotchedwa Saucepan Special, ndipo wailesi ya ku Lusaka inayamba kumveka m'midzi. Alick Nkhata, woimba komanso muulutsi, ndiye anaphunzitsa anthu kuti gitala ikhoza kunyamula nyimbo za makolo osazichotsa ulemu. Ku Chipata kunali mwayi wina: malire a Mwami ali pafupi kwambiri, choncho wailesi ya MBC ya ku Malawi inkamveka bwinobwino, ndipo anthu ankadziwa kwela ya a Kachamba ngati ya kwawo. Makutu a kum'mawa anali atazolowera gitala kalekale. Chimene anali asanamve ndi gitala yokwiya.

Ufulu unabwera pa 24 October 1964, mkuwa ukugulidwa bwino. M'matauni a ku migodi anyamata ankagula zimbale za Beatles, Rolling Stones, Cream, James Brown ndi Deep Purple, n'kuyamba kutengera. Ku Kitwe kunabadwa gulu la WITCH, woimba wake Emmanuel Chanda, amene anthu anamutcha Jagari chifukwa ankadumpha pa siteji ngati Mick Jagger. Kunalinso Amanaz, amene chimbale chawo cha Africa chinatuluka mu 1975, chaka chomwechonso cha Lazy Bones!! cha WITCH. Rikki Ililonga ndi anzake a Musi-O-Tunya anapita kukayesa mwayi ku Nairobi. Dzina la nyimbo zimenezi loti Zamrock amati analipereka ndi muulutsi Manasseh Phiri, yemwe pambuyo pake anadziwika kwambiri ngati dokotala wolimbana ndi Edzi. Ku Ndola kunali Teal Record Company yodinda zimbale, komanso Zambia Music Parlour ya a Edward Khuzwayo, amene ankalipira zojambulitsa n'kugulitsa nyimbozo. Ndiye pakati pa zaka za m'ma 1970 a Kenneth Kaunda, omwe nawonso ankakhwacha gitala, analamula kuti pa nyimbo 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi, 95 zikhale za oimba a m'Zambia. Cholinga chawo chinali kuteteza chikhalidwe. Sindikhulupirira kuti m'maganizo mwawo munali anyamata a tsitsi lanyankhalala ndi nsapato zazitali zidendene, koma iwowa ndi amene anali ndi nyimbo zojambula kale, ndipo ndi amene anadyerera.

Kungowoloka malire ku Mchinji zinthu zinali zina. Boma la a Kamuzu Banda linakhazikitsa lamulo la kavalidwe mu 1973, mwamuna wa tsitsi lalitali ankametedwa asanalowe m'dziko, ndipo ngakhale nyimbo ya Cecilia ya Simon ndi Garfunkel inaletsedwa. Anthu a mtundu umodzi, achibale a magazi, olekanitsidwa ndi mtunda wongopalasa njinga, ankakhala m'maiko awiri a nyimbo. Mnyamata wa ku Chipata ankatha kuvala buluku lotambalala kumiyendo n'kuvina Zamrock masana dzuwa likuswa mtengo, msuweni wake wa ku Mchinji akumvera chapansipansi.

Paul anayamba kuimba m'timagulu ta ku Lusaka, anakakhalako kanthawi ndi Musi-O-Tunya ku Kenya, kenako anabwerera n'kuyambitsa Ngozi Family. Pa ng'oma panali Chrissy Zebby Tembo, amene nayenso anatulutsa chimbale chakechake, My Ancestors, Paul akumuimbira gitala. Pa siteji Paul ankaluma nsambo za gitala ndi mano, ndipo dzina lake la pa siteji linamuyenera. Chimbale cha Day of Judgement chinatuluka mu 1976, ndipo 45,000 Volts, chojambulidwa ku Nairobi, Tommy Mwale ali pa besi, chinatsatira mu 1977.

Kuchokera ku Lusaka kufika ku Chipata pali makilomita pafupifupi 570, ndipo masiku amenewo basi ya UBZ inkatha tsiku lathunthu, nthawi zina ndi usiku womwe. Inkadutsa Chongwe ndi Rufunsa, kutsika mapiri oopsa a Manenekera anthu atagwira mtima m'manja, kuwoloka mlatho wa Luangwa umene unatsegulidwa mu 1968, n'kumaima ku Kacholola, ku Nyimba kogula nthochi, ku Petauke, ku Sinda ndi ku Katete. Zimbale zinkayenda ulendo umenewu m'masutikesi a anthu obwera ku tchuthi, zitakulungidwa m'malaya kapena m'chitenje kuti zisasweke, ndiponso kuti zisapindike ndi kutentha kwa m'chigwa cha Luangwa. Zambiri zinali timbale ting'onoting'ono, nyimbo imodzi mbali iyi, ina mbali inayo. M'makomboni ambiri munalibe magetsi, choncho gumbagumba inkayendera mabatire, ndipo mwini wake ankawayanika padzuwa masana pokhulupirira kuti abwerera mphamvu. Singano ikayamba kudumpha, ankaika kandalama ka ngwee pamwamba pa mkono wake kuti ilemere. Mabatire akafooka pakati pa phwando, mawu a Paul ankayamba kukoka, kunenepa, kutsika, mpaka anthu n'kukuwa kuti asinthe. Pa maphwando olipiritsa pakhomo, munthu ankaponya ndalama kuti nyimbo yake ibwerezedwe, wina n'kuponya yoposa kuti ichotsedwe. Chimbale chokondedwa chinkatha msanga, mizere yake n'kuyera. N'chifukwa chake zimbale za Ngozi zopanda zipsera n'zosowa kwambiri lero.

Nyimbo imene ndimaiika patsogolo pa zonse ndi Kumanda Kwa Bambo Wanga ya pa Day of Judgement. Gitala yake imadutsa m'kachipangizo kotchedwa fuzz, kamene kamaphwanya mawu a nsambo kuti asatuluke oyera koma okhakhala, ngati chigayo cha dizilo chikamadzuka m'mawa. Kwa mzungu amene sadziwa chilankhulo, phokosolo ndilo nyimbo yonse. Koma ganizirani munthu wa kwa Mpezeni kapena kwa Kawaza amene akumva mutu wokhawo. Kwathu manda si malo oseweretsa pakamwa. Kumanda kumapita adzukulu ndi makasu, kumapita anthu pa maliro ndi pomanga chiliza, ndipo kwa Achewa ndi kumene kuli dambwe, kumene Gule Wamkulu amatulukira. Mwana salozako chala. Ndiye pakubwera mnyamata wa m'tauni, n'kutenga mawu amenewa, n'kuwaika pamwamba pa gitala yolusa chotero. Zikanatheka kumveka ngati chipongwe, koma sizinatero. Kulira kwa pa maliro a kwathu si kwa kachetechete, ndi kofuula, kosasa mawu, kobwerezabwereza mpaka thupi litatopa, ndipo kaimbidwe ka Paul kali pafupi ndi kulira kumeneku kuposa nyimbo zambiri zofatsa zimene zinalembedwa dala kuti zikhale zachisoni. Palinso china. Ambiri mwa anthu amene ankamvera nyimboyi ku Lusaka anali ndi makolo oikidwa kutali, kum'mawa, ndipo uthenga wa maliro unkawapeza mochedwa, pa telegalamu kapena pa mauthenga a pa wailesi, mwambo wonse utatha kale. Manda a bambo anali malo amene munthu ankawaganiza ali pa ntchito, osatha kufikako. Amene anatsala kumudzi ankaidziwa nkhani yomweyo kuchokera mbali inayo.

Nizakupanga Ngozi, ya pa 45,000 Volts, ndi ya mtima wina. Ndi chenjezo kwa mlendo wa pakamwa: ukabwera pakhomo pa mnzako khala ndi ulemu, usabwere ndi nkhani zambirimbiri, chifukwa kulongolola kumabala miseche. Palibe chachilendo pamenepa. Amayi a kum'mawa akhala akuimba zoterezi pamtondo kuyambira makedzana, kunyoza mnzawo wa kaduka osamutchula dzina, iye ali pomwepo akupeta. Chimene Paul anachita ndi kuchotsa nyimboyo pamtondo n'kuiika m'komboni, mmene nyumba zili zothithikana, khoma n'lopyapyala, mpope wa madzi ndi umodzi, ndipo chimene wanena m'mawa chimakhala chitazungulira mzere wonse dzuwa lisanafike pamutu. Ng'oma za Chrissy m'nyimboyi n'zouma, zosakometsera, ndipo gitala imabwereza kachigawo kamodzimodzi kolemera mpaka kakukhazikika m'mutu. Ndimaikonda chifukwa siyesa kukhala yaulemu. Munthu akuopseza mnzake, ndipo zikumveka kuti akuopseza.

Nyimbo zake za Chingelezi ndimazimvera, koma sindizikumbatira chimodzimodzi. Hi Babe ili ndi liwiro, Hold On imavinika, ndipo anthu akunja amazitama kuti zinafanana ndi punk imene inkayamba ku London ndi ku New York nthawi yomweyo. Zingakhale zoona. Kungoti mu Chingelezi Paul amanena zimene mnyamata aliyense wa gitala pa dziko lapansi ankanena: ndimakukonda, wandisiya, bwerera. Akatembenukira ku Chinyanja amakhala munthu wina, wa maso, wodziwa za anansi ake. Pali imodzi yokha ya Chingelezi imene ndimaichotsa m'gulu limeneli, In the Ghetto, yotsegulira chimbale cha The Ghetto, mmene akudandaula za makolo omwa mowa ana akuvutika. Kumeneko akufotokoza Chibolya imene anaiona ndi maso ake, ndipo chilankhulo sichimutchinga.

Mitu ya nyimbo zina imadzinenera yokha: Tikondane, Atate, Chenjelani, Tichenjele, Ulesi Tileke. Achinyamata a lero angaseke kuti woimba rock ankalalikira ngati mlangizi wa chinamwali. Mbali ina n'zoona kuti nyengo inali yotero. Kuyambira December 1972 Zambia inali ya chipani chimodzi, wailesi inali ya boma, ndipo nyimbo yolimbikitsa khama ndi umodzi inkapeza malo mosavuta kuposa yofunsa mafunso. Ulesi Tileke ikanatha kuimbidwa pa msonkhano wa UNIP popanda wokwinya nkhope. Koma sindivomereza kuti Paul ankangokondweretsa akuluakulu. Kwathu nyimbo yopanda mwambo imatengedwa ngati yosakhwima, ya ana. Woimba amayembekezeka kulangiza, kudzudzula, kuseka opusa. Magulu ena a Zamrock ankaimba za m'maganizo ndi za maloto mofanana ndi anzawo a ku California, ndipo ophunzira a ku sekondale ankawakonda. Paul ankaimbira wogulitsa makala, kondakitala ndi mayi wa pamsika, ndipo awa ankafuna nyimbo yoti akaimva anene kuti wanena zoona. Apa ndi pamene anasiyanirana ndi WITCH, amene m'luso la zoimbira mwina ankamuposa.

Pa 45,000 Volts palinso nyimbo yomvera chisoni anthu a ku Zimbabwe, ndipo chisonicho sichinali cha patali. Malire ndi Rhodesia anatsekedwa mu January 1973. Zambia inkasunga omenyera ufulu, ndipo inalipira mtengo wake. Mu October 1978 ndege za boma la Ian Smith la ku Rhodesia zinaphulitsa msasa wa Chikumbi pafupi ndi Lusaka, ndipo pa kuukira kwina kufupi ndi Mkushi m'mwezi womwewo Alick Nkhata anaphedwa. Chaka chotsatira asilikali a Rhodesia anagwetsa milatho ingapo, kuphatikizapo wa Chongwe pa msewu wathu womwewu wa kum'mawa. Boma linaletsa kuyenda usiku ndipo magetsi ankazimitsidwa. Gulu loimba limadya usiku. Kuimba masana okha, kapena kutsekera anthu m'holo mpaka kucha, sikukanadyetsa mabanja.

Ndalama nazo zinali zitayamba kale kuthawa. Mkuwa, umene unkabweretsa ndalama zakunja zoposa 90 pa 100 zilizonse, unagwa mtengo kwambiri kuyambira 1974 kulowa 1975, mafuta atangokwera kumene. N'zodabwitsa kuti zimbale zabwino kwambiri za Zamrock zinatuluka chuma chitayamba kale kudwala. Pofika m'ma 1980 anthu ankaima pa mizere kudikira sopo, saladi ndi shuga, ndipo nsambo za gitala, zokuzira mawu ndi zipangizo zodindira zimbale, zonse zochokera kunja, zinasowa. Disco inalowa, mwini bala n'kuona kuti munthu mmodzi wokhala ndi zimbale ndi wotchipa kuposa anyamata asanu ofuna chakudya ndi malo ogona. WITCH inasintha n'kuyamba kuimba disco, Jagari atachoka kukaphunzira uphunzitsi. Kenako makaseti anafika, ndipo aliyense wokhala ndi wailesi ya makomo awiri anasanduka fakitale. Kalindula ya PK Chishala, Amayenge, Shalawambe ndi Serenje Kalindula inatenga bwalo, pamodzi ndi rumba ya ku Zaire. Kum'mawa kunawonjezekera mavuto akeake, nkhondo ya ku Mozambique itatayikira m'maboma a Chadiza, Katete ndi Petauke, othawa kwawo n'kukhazikidwa ku Ukwimi.

Paul sanagwe msanga ngati anzake, ndipo chifukwa chake ndi chomwe chija. Amene ankadalira Chingelezi ndi kutengera za kunja analibe pothawira mafashoni atasintha. Iye anangochepetsa ukali wa gitala, n'kupitiriza kunena za anthu. Nyimbo ngati Bauze ndi Vikwati Vapa Telephone ndi za nyengo yotsatirayi, ndipo mukafunsa anthu wamba ku Saturday Market kapena ku Down Shops kuti atchule nyimbo ya Paul Ngozi, ambiri ayamba ndi zimenezi, osati za 1976. Anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40. Zinali zaka zimene matenda a Edzi ankadula m'badwo wonse wa oimba, aphunzitsi, asilikali ndi madalaivala, anthu akungonong'onezana, mpaka a Kaunda anaulula poyera mu 1987 kuti mwana wawo Masuzgo anafa ndi matendawa. Mwa anyamata amene anayambitsa WITCH anatsala ndi Jagari yekha, ndipo iye anakathera kokumba miyala ya mtengo wapatali. Ku Kabwata mu Lusaka kuli msewu wotchedwa Paul Ngozi.

Kwa zaka pafupifupi 20 nyimbozi zinangokhala m'makaseti otafunidwa ndi m'mapulogalamu a nyimbo zakale pa wailesi. Amene anazifukula ndi osonkhanitsa zimbale a ku Ulaya ndi ku America. Kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles, ya Eothen Alapatt, inadindanso zimbale za WITCH, Rikki Ililonga ndi Amanaz, inatulutsanso Day of Judgement mu 2014, ndipo mu 2017 inasonkhanitsa nyimbo za magulu ambiri m'zimbale ziwiri za Welcome to Zamrock! Mtaliyana Gio Arlotta anajambula filimu ya moyo wa Jagari imene inatuluka mu 2019, WITCH inadzukanso ndi Jagari ndi Patrick Mwondela pamodzi ndi oimba achinyamata a kunja, n'kutulutsa chimbale chatsopano cha Zango mu 2023. Sampa the Great analemekeza Zamrock m'nyimbo yake ya Never Forget. Ndipo mu October 2024 woimba wa ku America Tyler, the Creator anatenga chigawo cha Nizakupanga Ngozi n'kuchiika m'nyimbo yake ya Noid, pa chimbale cha Chromakopia chimene chinafika pa nambala 1 ku America. Mawu a Paul, m'Chinyanja cha ku Chibolya, anamveka m'mafoni a ana amene sadziwa kumene Zambia ili. Ndiyenera kuvomereza kuti Tyler anasankha mwanzeru: nyimbo yake ikunena za munthu wotchuka amene watopa ndi anthu omusuzumira pakhomo, ndipo chenjezo la Paul kwa mlendo wa miseche likugwirizana nazo ndendende. Zikuoneka kuti winawake anamumasulira bwino.

Ndimayamika anthu amenewa, chifukwa popanda iwo matepi ndi zimbale zambiri zikanaonongekeratu, ndipo ife eni ake sitinasunge. Dandaulo langa ndi lakuti khutu lawo limasankha zimene likufuna. Amafuna fuzz, amafuna zofanana ndi Black Sabbath, choncho Paul amene amamutamanda ndi wa zaka zitatu kapena zinayi zoyambirira. Paul wa m'ma 1980, woseka maukwati a m'tauni ndi makhalidwe a anthu a ndalama zatsopano, amene amayi athu ankamuimba akuchapa, sawakopa chifukwa kukoma kwake kuli m'mawu. Zimbale zodindidwanso zimagulitsidwa m'madola ku London ndi ku Tokyo, ndipo ku Chipata simungazipeze m'sitolo, ngakhale mutazipeza mulibe choimbira. Kuno nyimbo zimayenda pa memori kadi ndi pa WhatsApp. Mnyamata wa pa kompyuta pamsika amakuikira nyimbo mazana pa ndalama zochepa, za Ngozi zitasakanizika ndi za PK Chishala ndi Lucius Banda m'foda imodzi ya nyimbo zakale, zina zitajambulidwa kuchokera pa kaseti yotopa, mitu yake italembedwa molakwika, chaka chake palibe.